Kodi akavalo samva kuzizira?

Amene amakhala ku Britain, ku Canada kapena kumpoto kwa United States amaziona chaka chilichonse. Mu Januwale mphepo imalowa mpaka m'mafupa, anthu n'kuvala majekete awiriawiri, koma m'minda ya m'mbali mwa msewu akavalo amangoima osafunda kanthu. Ana ambiri amafunsa ngati eni ake alibe chisoni. Nthawi zambiri kavaloyo, amene ena amamutchula kuti hatchi, amakhala ali bwinobwino. Kavalo wathanzi, wokhuta ndiponso wouma amapirira chisanu choti madzi n'kuundana. Chimene chimamuvuta ndi kunyowa pamene mphepo ikuwomba.

Ubweya

Kavalo amayamba kukonzekera chisanu anthu asanaganize n'komwe zogula jekete. Chimene chimauza thupi lake kuti limeretse ubweya wautali kwenikweni ndi kufupika kwa masana, osati kuzizira. Ku Ulaya ndi ku North America masana amayamba kufupika pakatha pa 21 Juni, ndipo pofika Okutobala kavalo amakhala atavala kale ubweya wochindikala. Ku South Africa ndi ku mapiri a Lesotho, kumene anthu ambiri amayendabe pa akavalo, nyengo zimasemphana ndi za kumpotoko: ubweyawo umakula chisanu cha Juni ndi Julaye chikamayandikira.

Kukazizira, timinofu ting'onoting'ono ta pakhungu timadzutsa ubweya, monga mmene nkhuku imatukumulira nthenga m'mawa wa chisanu. Pakati pa ubweya wodzukawo pamatsekeredwa mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umaletsa kutentha kwa thupi kuthawa. Khungu limatulutsanso mafuta amene amachititsa kuti madzi azingotsetsereka pamwamba. N'chifukwa chake mukaona chipale chofewa chitaunjikana pamsana pa kavalo osasungunuka, musade nkhawa. Zikusonyeza kuti kutentha kwa thupi lake sikukufika kunja.

Moto wa m'mimba

Thupi la kavalo limatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5, ndipo nkhuni za motowo ndi udzu. Udzu ukafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amauphwanya pang'onopang'ono, ndipo ntchito imeneyi imatulutsa kutentha kwa maola ambiri. Amene anapisapo dzanja m'kati mwa mulu wa manyowa amene akuwola amadziwa mmene mumafundira. Choncho usiku wozizira kwambiri alimi amawonjezera udzu wouma m'malo mowonjezera chimanga kapena zakudya za m'matumba, zimene zimagayika msanga. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amadya udzu wouma wokwana pafupifupi makilogalamu 10 pa tsiku, ndipo kukazizira amafuna wochulukirapo.

Kukula kwa thupi kumathandizanso. Mphika waukulu wa phala umachedwa kuzizira kusiyana ndi la m'kapu. Nanga miyendo imene imaima m'chipale tsiku lonse? Kuchokera m'bondo kutsika mmunsi mulibe mnofu weniweni, muli mafupa ndi mitsempha yolimba, zimene sizifuna kutentha kochuluka.

Mvula ndi mphepo

Amene anakulira ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Blantyre amadziwa chiperoni, kamvula kowaza kobwera ndi mphepo yozizira. Nyengo yotere ndi imene imasautsa kavalo kuposa chisanu chouma, ndipo ku Britain ndi ku Ireland ndiyo ya masiku ambiri. Mvula ikagwa nthawi yaitali ubweya umanyowa mpaka pakhungu n'kugona, mpweya wofunda uja n'kuchoka. Mphepo imakanula ubweya ndi kuumitsa madziwo, ndipo madzi akamauma amatenga kutentha kwa thupi.

Akavalo ali ndi njira yawo. Amafulatira mphepo, kuweramitsa mutu, mchira n'kuphimba kumbuyo kumene kulibe ubweya wambiri. Amaima mothithikana, amabisala kuseri kwa mitengo kapena mpanda, nthawi zina amathamangathamanga kuti minofu itenthe. Zikavuta amanjenjemera ngati ife. Khola la makoma atatu ndi denga, lofulatira kumene kumachokera mphepo, limawakwanira.

Mitundu ina inazolowera kwambiri. Akavalo ang'onoang'ono a ku Exmoor, kum'mwera chakumadzulo kwa England, ali ndi zikope zochindikala zimene zimapatutsa mvula m'maso, komanso ubweya waufupi pamwamba pa mchira umene umalondolera madzi pansi. Ku Yakutia, ku Siberia, akavalo amagona panja kuzizira kukafika madigiri 50 pansi pa ziro, ndipo amafukula chipale ndi ziboda kuti apeze udzu.

Nanga mabulangeti aja?

Akavalo ena mumawaona atavekedwa chofunda chomangidwa ndi malamba. Amene amachifunadi ndi okalamba, owonda, odwala, ndi amene ametedwa ubweya kuti asamatuluke thukuta kwambiri pa ntchito kapena pa mpikisano. Kwa kavalo wathanzi bulangeti lingathe kukhala chipsinjo, chifukwa limagonetsa ubweya, ndipo likanyowa mkati kapena akatulukiramo thukuta amazizidwa kuposa poyamba. Mu 2016 akatswiri a ku Norway anafalitsa kafukufuku amene anaphunzitsa akavalo 23 kukhudza chizindikiro ndi mphuno posonyeza kuti akufuna kuvekedwa bulangeti, kuvulidwa, kapena kusiyidwa mmene alili. Dzuwa likawala ankasankha kukhala opanda bulangeti, kukagwa mvula ndi mphepo ambiri ankalipempha.

Chimene anthu amaiwala kawirikawiri ndi madzi. Akaundana kapena akazizira kwambiri kavalo samwa mokwanira, ndipo udzu wouma ungathe kutseka matumbo, matenda amene amapha. Mwini wake amayenera kuswa madzi oundanawo m'mawa ndi madzulo.

Ngati inu ndi ana mwaona kavalo amene nthiti zikuonekera, akunjenjemera osaleka, alibe pobisala kapena madzi, uzani mwini wake. Ku England ndi ku Wales mungathenso kuimbira bungwe la RSPCA. Koma musamupatse buledi kapena udzu wotchetchedwa ndi makina a pakapinga, chifukwa zimenezi zimamudwalitsa m'mimba. Ku New Forest, ku Hampshire, kudyetsa akavalo oyendayenda m'nkhalangomo n'koletsedwa, ndipo wopezeka akutero amalipitsidwa chindapusa.