Kusankha banki potenga ngongole yatsopano pa nyumba ya lendi

Mwini nyumba ya lendi amene akadali ndi ngongole ku banki angathe kutenga ngongole ina yokulirapo, n'kubweza yakaleyo, ndalama zotsala n'kugwiritsa ntchito zina. Nyumba yomweyo ndiyo imakhala chikole. Izi zimatheka pamene mtengo wa nyumbayo waposa ngongole yotsala.

Mwachitsanzo, nyumba ikayesedwa kuti ndi ya K100 miliyoni, ngongole yotsala n'kukhala K20 miliyoni, ndipo banki n'kuvomera kukongoza K50 miliyoni, mwini nyumba amatsala ndi K30 miliyoni asanachotse zolipira zina.

Choyamba kuyerekeza pakati pa mabanki ndi chiwongola dzanja. M'Malawi, mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH amayambira pa mlingo umodzi wotchedwa reference rate, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki iliyonse imawonjezerapo pake malinga ndi mmene ikumuonera wokongolayo. Mlingowu umatsatira kwambiri chiwongola dzanja cha banki yaikulu ya Reserve, chimene mu 2024 chidafika pa 26 peresenti. Choncho ndalama yobweza pamwezi ingathe kukwera ngongole ili mkati.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa chiwongola dzanja cha 30 peresenti, ngongole ya K50 miliyoni imabala K1.25 miliyoni pamwezi, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Ngati lendi siikufika pamenepo, kapena nyumba yakhala miyezi yopanda wokhalamo, mwini wake amayenera kupisa m'thumba. Akalephera, lamulo limalola banki kugulitsa chikolecho.

Chachiwiri ndi zolipira zapambali: ndalama yoyendetsera ngongole, ya katswiri woyesa mtengo wa nyumba, ya loya, ya inshuwaransi, ndi yolembetsera chikole ku ofesi ya zamalo. N'kofunikanso kufunsa ngati banki yakale imalipiritsa chindapusa kwa wobweza ngongole nthawi isanakwane.

Chachitatu ndi zikalata. Mabanki amafuna chikalata cha umwini wa malo, mapangano a lendi ndi mbiri ya akaunti. Amaonanso mbiri ya munthu pa ngongole zakale ku mabungwe osunga mbiri za okongola.

Banki yoyenera si imene yalonjeza ndalama zochuluka, koma imene ngongole yake lendi ingathe kuisenza. Njira yabwino yodziwira izi ndi kupempha mabanki awiri kapena atatu kuti alembe ndondomeko yonse ya kabwezedwe, n'kuiyerekeza asanasayinidwe mapepala.