Tambala wa Berthold ndi majini a mu ubongo

Alimi adadziwa kalekale kuti tambala wothenedwa amasiya kulira, kumenyana ndi kuthamangitsa mathadzi. Mu 1849 Arnold Berthold wa ku Göttingen adafuna kudziwa chifukwa chake. Adathena atambala aang'ono, koma ena adawabwezera tchende m'mimba, osati pamalo pake penipeni, kopanda mitsempha yolilumikiza ku ubongo. Atambala amenewa atakula adalira ndi kulimbana monga mwa nthawi zonse. Berthold adaona kuti chilipo china choyenda m'magazi.

Chinthucho, homoni ya testosterone, chidapezeka mu 1935 ku Amsterdam.

Funso lovuta lidatsala: kodi homoni imalamula bwanji khalidwe? Mu 1959 gulu la William Young ku yunivesite ya Kansas lidabaya testosterone mbira zoyembekezera. Ana aakazi a mbirazo atakula ankakwera anzawo ngati amuna. Apa mpamene padadziwika kuti nthawi ili ndi mphamvu, pakuti homoni yofika ubongo ukadali kuumbika imasiya chidindo cha moyo wonse.

Njira yake idaoneka pang'onopang'ono. Elwood Jensen wa ku Chicago adapeza kuti m'maselo muli puloteni yogwira homoni ya estrogen, ndipo mu 1968 Bruce McEwen adaona homoni ya nkhawa ikumata mu hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kukumbukira. Mahomoni onsewa, otchedwa a steroid, amachokera ku kolesitelo, choncho amadutsa khungu la selo mosavuta. Akalowa amagwirana ndi puloteni yowalandira, awiriwo n'kukakhala pa DNA, n'kudzutsa majini ena kwinaku akugonetsa ena. Jini la puloteni yolandira homoni ya nkhawa adalifukula a gulu la Ronald Evans mu 1985.

Kafukufuku wokhudza mtima kwambiri ndi wa 2004 ku yunivesite ya McGill, ku Montreal. Gulu la Michael Meaney ndi Moshe Szyf lidapeza kuti tiana ta makoswe tonyambitidwa kwambiri ndi amayi awo m'sabata yoyamba timakula tosachita mantha msanga. Jini lija limakhala lotseguka bwino mu hippocampus yawo, pomwe mwa tiana tonyambitidwa pang'ono limatsekeka ndi tizidindo ta methyl. Munthu si khoswe, ndipo nkhaniyi siyoyenera kuweruzira amayi. Komabe umboni wake ndi wolimba: atasinthanitsa tianato titangobadwa, jinilo lidatsata mayi wolera, osati wobereka.