Muyezo woyendayenda

Muyezo woyendayenda ndi chipangizo chimene kulemera kwake, kukula kwake kapena mphamvu yake ya magetsi zimadziwika bwino, ndipo chimanyamulidwa kupita kumalo osiyanasiyana kuti anthu ayerekezere nacho zipangizo zawo zoyezera. M'Chingerezi umatchedwa travelling standard. Ukhoza kukhala mwala wachitsulo wa sikelo, chigubu chachitsulo choyesera mapampu a mafuta a galimoto, kapena kabokosi kotulutsa mavolti 10 osasinthasintha. Miyezo yotere imagwiritsidwa ntchito ndi mabungwe a boma oona za miyezo, malabotale, makampani, komanso magulu a anthu wamba okonda zamagetsi.

Kufunika kwake

Chipangizo chilichonse choyezera chimasintha pang'onopang'ono chifukwa cha kukalamba, kutentha, chinyezi kapena kugwa. Sikelo ikayamba kulakwa imapitiriza kuonetsa manambala ngati kale, ndipo mwini wake sangadziwe pongoiyang'ana. Masikelo awiri akagwirizana sizitanthauza kuti onse ndi olondola, chifukwa akhoza kulakwa mofanana. Cholakwikacho chimaoneka pokhapokha chipangizocho chikayerekezedwa ndi muyezo wodalirika kuposa icho. Muyezowo nawo uyenera kukhala woti unayerekezedwa ndi wina wapamwamba, mpaka kukafika ku miyezo ya dziko lonse lapansi yotchedwa SI. Popeza miyezo yapamwamba kwambiri imasungidwa m'malabotale ochepa ndipo sichoka m'menemo, pamafunika muyezo wina woyenda pakati pa malabotalewo ndi anthu oyeza.

Mbiri

Pa 20 Meyi 1875 mayiko 17 anasaina pangano la mita mumzinda wa Paris, ndipo anakhazikitsa ofesi ya BIPM ku Sèvres m'dziko la France. Mu 1889 kachitsulo ka platinum ndi iridium kosungidwa kumeneko kanavomerezedwa kukhala kilogalamu ya dziko lonse, ndipo mayiko a m'panganolo anagawiridwa tizitsulo tofanana nako. Patapita zaka, tizitsuloto tinkabwezedwa ku Sèvres kuti tikayerekezedwe. Kuyerekeza kwa pakati pa 1988 ndi 1992 kunaonetsa kuti m'zaka 100 tambiri tinasiyana ndi kilogalamu yoyambayo ndi mamayikulogalamu pafupifupi 50. Ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene tanthauzo la kilogalamu linasinthidwira pa 20 Meyi 2019, kuti lidalire nambala yosasintha ya m'chilengedwe ya Planck m'malo mwa chitsulo.

Pa nkhani ya magetsi, Edward Weston anapanga batire lapadera lotulutsa mavolti pafupifupi 1.018, ndipo mu 1911 linavomerezedwa kukhala muyezo wa mayiko. Batireli linali lagalasi, lokhala ndi madzi a mankhwala mkati, motero silinkafuna kugwedezeka kapena kusintha kwa kutentha, ndipo kuyenda nalo kunali kovuta. Kuyambira mu 1990 malabotale akuluakulu amapeza volti pogwiritsa ntchito njira imene Brian Josephson anailongosola mu 1962. Makina ake amafuna kuzizira koopsa ndipo ndi okwera mtengo, choncho volti imafika kwa ena kudzera m'timabokosi ta Zener, monga Fluke 732, totulutsa mavolti 10.

Mmene umayendera

Labotale yotsogolera imayamba yayeza muyezowo ndi kulemba zotsatira. Kenako umatumizidwa kwa onse otenga nawo mbali, mmodzi ndi mmodzi. Nthawi zina umazungulira kwa onse usanabwerere. Nthawi zina umabwerera kwa wotsogolera ukangochoka kwa munthu aliyense, njira imene imatenga nthawi yaitali koma imasonyeza msanga pamene pachitika vuto. Wolandira amausiya kwa maola kapena masiku angapo kuti uzolowere kutentha kwa m'chipinda, kenako amayeza kangapo ndi kulemba tsiku, kutentha ndi chinyezi.

Pomaliza muyezowo umayezedwanso ndi labotale yotsogolera. Ngati zotsatira zoyamba ndi zomaliza zikufanana, manambala a onse apakati akhoza kukhulupiriridwa. Ngati zasiyana kwambiri, ndiye kuti muyezowo unasintha panjira ndipo ntchito yonse imakayikitsa. Pofuna kuchepetsa ngozi imeneyi, miyezo iwiri kapena itatu imatumizidwa limodzi, ndipo timabokosi ta mavolti timayenda tili toyaka ndi batire la mkati kuti tisazizire.

Magulu a okonda zamagetsi

Ku Ulaya ndi ku United States kuli anthu amene amagula ma multimeter akale a m'malabotale, monga HP 34401A ndi HP 3458A, n'kumawakonza kunyumba. Kutumiza chipangizo chotere kukayezedwa ku labotale yovomerezeka kumadya ndalama zambiri, motero ena amapanga magulu n'kumatumizirana bokosi pa positi. M'bokosimo mumakhala kachipangizo ka mavolti 10 kopangidwa ndi LM399 kapena LTZ1000, ma resistor odziwika bwino, ndi kachida kolemba kutentha. Mmodzi amene chipangizo chake chinayezedwa posachedwapa ndi labotale ndiye amakhala wotsogolera. Kusiyana kumene amakufufuza n'kochepa kwambiri: gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a mavolti 10 ndi mamayikulovolti 10 okha. Zotsatira zawo sizilandiridwa ndi lamulo pa malonda, koma zimathandiza aliyense kudziwa mmene chipangizo chake chasunthira m'chaka.

Ku Malawi

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lotchedwa mwachidule MBS, linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Ndilo limasunga miyezo ya dziko ndi kuyendera masikelo a malonda, mapampu a mafuta ndi masikelo akuluakulu oyezera malole, motsatira lamulo la miyezo la mu 2016. Ogwira ntchito zake amayenda ndi miyala yachitsulo ya makilogalamu odziwika, ndipo sikelo ikapezeka yolondola imaikidwa chizindikiro. Miyala imeneyi imaikidwa m'magulu malinga ndi kulondola kwake. Mwala wa makilogalamu 20 wa gulu la M1, lomwe limagwiritsidwa ntchito poyesa masikelo a malonda, suyenera kulakwa kuposa galamu imodzi. Mabungwe a miyezo a kummwera kwa Africa amayerekezera miyezo yawo kudzera mu SADCMET, ndipo a mu Africa yonse kudzera mu AFRIMETS. Labotale ya NMISA ya ku Pretoria imatsogolera zambiri mwa ntchito zimenezi.

Kumapiri a Dedza

Tauni ya Dedza ili pamsewu wa M1, pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kummwera kwa Lilongwe, ndipo ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Kukwera kwa malo kumakhudza kayezedwe m'njira zingapo. Mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi imachepa ndi magawo awiri kapena atatu mwa 10,000 pa mamita 1,000 alionse. Sikelo ya sipuling'i kapena ya batire imayeza mphamvu imeneyi, choncho ikakonzedwa kuchigwa n'kukwera nayo mamita 1,000, imaonetsa magalamu 10 mpaka 15 ochepera pa thumba la makilogalamu 50. Kwa wogula soya kusiyanaku n'kochepa, koma pa masikelo a m'labotale n'kwakukulu, ndipo n'chifukwa chake masikelo otere amayesedwa pamalo pomwe akugwirira ntchito. Mpweya wa ku Dedza umakankhanso mochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Timabokosi ta Zener timasintha pang'ono ndi zinthu ziwirizi, motero woyeza amayenera kuzilemba.

Vuto lalikulu kwa alimi a m'bomali ndi masikelo owonongeka kapena osinthidwa dala. Mbatata ya kachewere nthawi zambiri imagulitsidwa pa ndowa kapena pa thumba, koma chimanga, soya ndi nyemba zimagulidwa pa kilogalamu, ndipo mitengo yoyambira imene boma limalengeza chaka chilichonse imawerengedwanso pa kilogalamu. Sikelo yodya makilogalamu awiri pa thumba lililonse la makilogalamu 50 imalanda mlimi thumba lathunthu pa matumba 25, ngakhale mtengo utatsatidwa bwinobwino.

Amisiri oika sola ndi okonza mawailesi ndi mafoni nawonso amadalira multimeter. Batire la mavolti 12 la mtundu wa m'galimoto likadzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6, ndipo likatha theka limaonetsa pafupifupi 12.2. Multimeter yoonjeza ndi 3 peresenti imaonetsa batire latheka ngati lodzaza. Mwini nyumba akapitiriza kuligwiritsa ntchito usiku uliwonse mpaka kutheratu, batire lotere limafa msanga.