Zionetsero, zipolowe ndi chipolopolo "chosokera"

Ophunzira a ku Bunda akati atseke msewu wa ku Mitundu ndi miyala, pamsika pamamveka mawu awiri. Wina amati ana akuchita zionetsero, wina amati ayambitsa zipolowe. Nkhani yonse yagona pamenepo. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza zionetsero zamtendere za anthu opanda zida, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti okonza adziwitse bwanamkubwa kukadali maola 48. Kudziwitsa, osati kupempha chilolezo, ngakhale alipo akuluakulu amene amaiwalira dala. Koma zikangotchedwa zipolowe, mfuti yapeza ponamizira.

Apolisi ali ndi ndondomeko yawo: kuchenjeza, utsi wokhetsa misozi, zipolopolo za mphira. Zipolopolo zenizeni n'zapamapeto penipeni, ndipo mfundo za United Nations za 1990 zimati kuwombera kofuna kupha n'kololedwa pokhapokha palibenso njira ina yopulumutsira moyo. Galasi la minibasi si moyo wa munthu.

Mu Disembala 2001 ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adatuluka atakwiya, mwa zina, ndi imfa ya woimba Evison Matafale m'manja mwa apolisi. Mfuti zidalira, ndipo wophunzira Fanikiso Phiri adamwalira ndi bala la chipolopolo. Zikatere m'pamene mumamva mawu amene ine amandinyansa, akuti "chipolopolo chosokera". Mbuzi ya ku Nathenje imasokera chifukwa ili ndi miyendo ndi njala. Chipolopolo chimapita kumene mwini mfuti waloza. Pochipatsa mlandu wosokera, chala chimene chidakoka chimatuluka choyera.

Ku America adagwiritsa mawu akuti "kudziteteza". Pa 4 Meyi 1970 asilikali a Ohio National Guard adapha ophunzira anayi pa Kent State University, pomwe anthu ankakana kuti nkhondo ya ku Vietnam ilowerere ku Cambodia. Awiri mwa ophedwawo ankangopita kukalasi. Wophedwa amene adali pafupi kwambiri adagwera mamita pafupifupi 80 kuchokera pomwe padali mfuti. Asilikali adati ankaopa kufa, ndipo mlandu wawo udathetsedwa mu 1974.

Kwathu kuno tidamvanso za "kudzipha". Wophunzira Robert Chasowa wa ku Polytechnic atapezeka atafa pa 24 Seputembala 2011, apolisi adati wadzipha. Komiti yofufuza ya mu 2012 idati adachita kuphedwa.