Kakonzedwe ka reverse DNS pa maseva ogwiritsa ntchito adiresi imodzi

Kalata ya pa intaneti yochokera ku ofesi ya boma ku Ntcheu, kaya ndi lipoti la zachuma kapena pempho la thandizo, ikhoza kukanidwa kapena kuponyedwa m'gulu la makalata osafunika ngakhale wolembayo asanalakwitse kanthu. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kusakonzedwa bwino kwa reverse DNS.

DNS, yomwe anaiyambitsa Paul Mockapetris m'chaka cha 1983, ndi kaundula wa pa intaneti yemwe amatenga dzina la seva n'kupereka nambala yake, yotchedwa adiresi ya IP. Reverse DNS imagwira ntchito mobwerera: imatenga nambala n'kupereka dzina. Dzinali limasungidwa mu rekodi yotchedwa PTR, ndipo nambala zimalembedwa chafutambuyo. Mwachitsanzo, adiresi ya 192.0.2.10 imalembedwa kuti 10.2.0.192.in-addr.arpa.

Maadiresi a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo nkhokwe yaikulu ya dziko lonse inatha mu February 2011. Pa chifukwachi, ofesi ikhoza kupatsidwa adiresi imodzi yokha, koma kuseri kwake kuli seva ya makalata, ya webusaiti ndi ya mafayilo. Funso limakhala lakuti rekodi ya PTR itchule dzina liti.

Ngakhale n'zotheka kulemba maina angapo pa adiresi imodzi, kutero kumasokoneza, chifukwa makina ena ofufuza amangotenga dzina limodzi mwa mainawo. Njira yabwino ndi kusankha dzina limodzi, ndipo likhale la seva ya makalata, popeza ndiyo imene imafufuzidwa kwambiri. Webusaiti imatseguka bwinobwino popanda PTR yakeyake.

Dzina losankhidwalo liyenera kukhala ndi rekodi ya A yoloza ku adiresi yomweyo, kotero kuti wofufuza akachoka pa nambala kupita ku dzina, n'kubwereranso, apeze zinthu zogwirizana. Ndi bwinonso kuti seva idzitchule ndi dzina lomwelo pamene ikupereka moni wa HELO kwa seva yolandira kalata.

Akuluakulu a maofesi ayenera kudziwa kuti mwini dzina siye amene amalemba PTR. Maina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, koma PTR imalembedwa ndi amene anapatsidwa chigawo cha maadiresi, yemwe kawirikawiri ndi kampani yopereka intaneti. Makampaniwa amalandira maadiresi kuchokera ku bungwe la AFRINIC la ku Mauritius, lomwe linavomerezedwa mu 2005 kugawa maadiresi mu Africa. Choncho ofesi iyenera kulembera kalata kampaniyo, kutchula adiresi ndi dzina lofunika, komanso kupempha adiresi yosasinthasintha.

Kuyambira mu February 2024, kampani ya Google imafuna kuti aliyense wotumiza makalata ku Gmail akhale ndi DNS yolondola mbali zonse ziwiri. Izi zikukhudza ofesi iliyonse yomwe imalemberana ndi mafumu, makhansala ndi makontilakita omwe amagwiritsa ntchito Gmail.

Kampani ikamaliza kukonza, mkulu woona za makompyuta atsimikize pogwiritsa ntchito nslookup kapena dig -x. Kusinthaku kumatha kutenga maola angapo kuti kuoneke paliponse. Ofesi ikasintha kampani yopereka intaneti, adiresi imasinthanso, ndipo pempho la PTR liyenera kuperekedwa mwatsopano.