Mango a ku Chilenje, Jakaranda wa ku Ridgeway

M'mawa uliwonse ndimayenda wapansi kucoka ku Chilenje kupita kusukulu kumene ndiphunzitsa. Cizolowezi canga n'cosuzumila m'mayadi a anthu. Pa nyumba ina pali mtengo wa mango wautali kuposa denga, pansi pake kalembula na cibwabwa. Pa ina bougainvillea wakwela geti mpaka kuphimba nambala ya nyumba.

Zambili mwa izi n'zobwela. Mango anacokela ku India. Mbatata, maungu na magwava ni za ku America. Bougainvillea ni wa ku South America, ndipo dzina lake ni la mkulu wa zombo wa ku France, Louis Antoine de Bougainville. Impwa ndiye mwana wa kuno ku Africa, koma nthawi zambili amabzalidwa kuseli kwa nyumba.

Lusaka anakhala likulu mu 1935, atatenga malo a Livingstone. Pulofesa Stanley Adshead, amene anajambula pulani yoyamba mu 1931, anafuna mzinda wa misewu yotakata, mitengo na maluwa. Jakaranda amene amagwetsa maluwa apepo mu October ca ku Ridgeway ni wa maganizo amenewo. Koma mthunzi wake unali wa azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo m'tauni: agwile nchito, akatopa abwelele kumudzi. Lamulo la nyumba la mu 1948 ndilo linakakamiza makhansolo kumangila anchito acikuda nyumba zokhalamo na mabanja awo. Chilenje na Matero anakula m'zaka zotsatila.

Apa m'pamene mango amandigwila mtima. Mtengo womela ku njele umatenga zaka zisanu kapena kuposa usanabale. Mayi amene anakwilila njele pa yadi ya khansolo, nyumba isali yake, anali kunena kuti sacoka msanga. Jakaranda anabzalidwa na boma kuti anthu aziona. Mango anabzalidwa na agogo kuti ana adye. Ine n'nakulila m'mwamba mwa mtengo wotelo, mcele na mpilipili m'thumba, m'mimba mukupweteka madzulo.

Mwezi watha, pa nyumba ya pakona, n'napeza citsa cokha. Eni ake akumanga zipinda zitatu za lendi, ndipo yadi yonse aikamo mapeva. Siningawaimbe mlandu, ndalama ya lendi imalipilila ana sukulu. N'nafunsa mnyamata amene anali kusakaniza simenti kuti anabzala mtengowo ndani. Anati, "Kaya, aticha. Tinaupeza."

Lolemba n'napatsa ana a Giledi 9 nchito ya kunyumba: aliyense afunse wamkulu wa pa yadi pawo kuti mtengo wakale kwambili unabzalidwa na ndani, caka citi. Atsikana awili abwela kale na maina a agogo awo.