Mbiri ya Khonde, Mlonda wa Nyumba

M'midzi ya Achewa, nyumba yopanda khonde inkaonedwa ngati yosatha kumangidwa. Mlendo ankayalidwira mphasa pakhonde, ankhoswe ankaunikirapo nkhani za banja, ndipo agogo ankatongolerapo chimanga uku akuyang'anira adzukulu. Komatu ntchito yoyamba ya khonde sinali yokhalapo anthu ayi. Linali mlonda woteteza nyumba kuti isagwe.

Chipupa cha nsichi zomata ndi dothi chili ndi adani awiri, madzi ndi chiswe. Pofuna kugonjetsa madzi, amisiri akale ankatalikitsa phaso kuti denga lipitirire chipupa, nalichirikiza ndi nsanamira kuzungulira nyumba yonse. Motero mvula ikamagwa, madzi a padenga ankadonthera patali. Pansi ankaunjikapo dothi ndi kulitsendera mpaka litakwera kuposa bwalo, kuti madzi othamanga asanyambite tsinde la chipupa. Polimbana ndi chiswe, ankasankha mitengo yolimba mtima monga muwanga, ndipo kuchigwa cha Shire ankadalira tsanya.

Ntchitoyi inali yogawana. Amuna ankadula mitengo, kusenda luzi ndi kufolera. Mkamwini watsopano ankadziwika kuti ndi munthu wotani poona nsanamira zake, ngati zaima chilili kapena zapendekeka. Amayi ankamweta udzu, kumata zipupa ndi kuzira pansi ndi mtsiro, kenaka n'kusalaza ndi mwala wa kumtsinje mpaka khonde litawala. Kuzira sikunali kwa tsiku limodzi. Ankabwereza kawirikawiri, ndipo mng'alu uliwonse unkatsekedwa usanakule. Denga la nkhokwe kapena la nyumba yozungulira nthawi zambiri ankalilukira pansi, kenaka anthu ambiri n'kulinyamula pamodzi. Wodziwa zimenezi savutika kumva mwambi woti mutu umodzi susenza denga.

Azungu atafika anakumana ndi mvula yomweyo ndi chiswe chomwecho. M'chaka cha 1882, kampani ya African Lakes, imene inkatsogozedwa ndi John Moir ndi mbale wake Frederick, inamanga nyumba ya Mandala ku Blantyre. Dzinali linachokera ku magalasi amene John ankavala. Nyumbayi ndi yosanja, zipupa zake zinamangidwa ndi dothi, ndipo ili ndi khonde lalikulu. Papita zaka zoposa 140 koma ikadali chiimire. Mzungu ndi Mchewa anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti chipupa cha dothi chimakhalitsa chikakhala chouma.

Kenaka kunabwera njerwa zootcha, malata ndi simenti. Simenti ya mtundu wa Portland inalembetsedwa ndi Joseph Aspdin wa ku Leeds m'chaka cha 1824, koma inatenga nthawi yaitali kuti ifike m'midzi. Amuna obwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ndiwo ena mwa anthu oyamba kumanga nyumba za malata kwawo, zokhala ndi khonde lopaka polishi wofiira. Zinali zonyaditsa, komabe zinabwera ndi vuto lake. Udzu unali waulere, pamene lata lililonse linali la ndalama. Ambiri anayamba kufupikitsa denga, khonde n'kutsala kutsogolo kokha, mbali zinazo n'kusiyidwa pamtetete kuti mvula izizimenya.

Mitengo nayo inapita. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe chimauopa, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Kuotcha njerwa kunamaliza nkhalango zambiri, kotero kuti m'chaka cha 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu anakumbutsidwa mowawa kuti madzi akadali mdani wamkulu wa nyumba.

Lero adzukulu akumanga makhonde a konkire, zisakasa zopumiramo ndi mabwalo oyala timiyala ta simenti kuseri kwa nyumba. Zipangizo zasintha, koma malamulo ndi akale omwe aja. Nthaka iyenera kutsenderedwa bwino konkire asanathiridwe. Pansi pazipendekeka pang'ono, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa nyumba. Konkire amafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zimakwanira pakatha masiku 28. Nsanamira ya mtengo ikhale yothira mankhwala, ndipo iime pa mwala kapena pa chitsulo, osati m'dothi. Mng'alu ukaoneka, utsekedwe dzinja lisanafike, monga ankachitira amayi aja ndi mtsiro wawo.

Wothamangira kuyala mipando pa konkire wosakhwima adzamanganso kawiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.